Kodi Timadziwa Bwanji Mmene Anthu Ankakhalira M'zaka za m'ma 1700? Mafunso ndi Mayankho

Anthu ambiri amene anakhala ndi moyo pakati pa 1700 ndi 1799 sanasiye ngakhale kalata imodzi. Olemba anali ochepa: abusa, amalonda, akuluakulu a boma, eni zombo ndi eni akapolo. Wantchito wa m'khitchini, mmalinyero, mayi wosauka ndi kapolo amapezeka m'mabuku ngati nambala chabe, mwinanso sapezekamo n'komwe. Koma onsewa ankavala, ankadya, ankaswa mbale, ankadwala, ndipo anaikidwa m'manda. Kafukufuku amene tikukamba pano amayambira pa zotsala zimenezo.

Kafukufuku ameneyu ndi wotani kwenikweni, nanga amachita ndani?

Ndi ntchito yofufuza moyo wa anthu kudzera mu zinthu zimene ankagwira ndi manja awo: nsalu, mbale, utoto, mapepala, matabwa, zitsulo, magalasi, komanso mafupa a eni akewo. Palibe katswiri amene angaithe yekha. Wofukula zinthu zakale amadziwa kutsata mmene dothi linaunjikirana, kuti aone chimene chinayamba kugwera pansi ndi chimene chinabwera pambuyo. Wa kemisitiri amapima kuti chinthu chinapangidwa ndi chiyani. Katswiri wa mafupa amaona msinkhu, matenda ndi zipsera za ntchito. Wolemba mbiri amakhala m'nyumba zosungira zikalata, kusanthula makaundula a matchalitchi, milandu ya m'makhoti ndi mabuku a amalonda. Palinso wosamalira zinthu zakale m'myuziyamu, amene satchulidwa kawirikawiri, chonsecho ndiye amakhala ndi chinthucho miyezi yambiri pa maikulosikopu n'kuona zimene anzake onse anadutsa osaziona.

Zolembedwa za nthawi imeneyo zilipo zambiri. Kufukula pansi ndi kupima nsanza n'kwa chiyani?

Zolembedwa zilipodi zambiri, koma munthu amalemba zimene akuona kuti n'zofunika kwa iye. Zovala za m'ma 1700 zimene zili m'mamyuziyamu zambiri ndi za silika, za anthu olemera, chifukwa ndizo ankazisunga m'mabokosi. Chovala cha wosauka chinkavalidwa mpaka kutha, n'kuchidula kuti chikwane mwana, n'kusanduka chigamba, ndipo pomaliza nsanzayo inkagulitsidwa kwa opanga mapepala.

N'chifukwa chake zimene zinasungidwa ku Foundling Hospital ku London zili zamtengo wapatali. Nyumba imeneyi, imene anayambitsa Thomas Coram, inayamba kulandira makanda amene makolo awo analephera kuwalera mu 1741. Mpaka cha mu 1760, mwana akalandiridwa, pa pepala lake kawirikawiri ankamangirirapo kachidutswa ka nsalu, kosiyidwa ndi mayi kapena kodulidwa pa chovala cha khandalo, kuti mayiyo akadzabwera tsiku lina adzathe kuloza mwana wake. Tizidutswa totere tilipo pafupifupi 5,000. Wolemba mbiri John Styles atatisanthula, anaonetsa kuti amayi osauka a ku London ankavala nsalu zodindidwa maluwa zamitundu yowala, zambiri zosakaniza thonje ndi bafuta, osati zotuwa zokhazokha monga ambiri ankaganizira. Palibe mlembi wa nthawiyo amene anakhala pansi kuti afotokoze zimenezi. Ndipo amayi ambiri sanabwerere. Tinsaluto tinangotsala m'mabuku.

Dzala nalonso limaulula zimene mwini nyumba sakanalemba. M'maenje a zinyalala ndi m'zimbudzi zakale mumatuluka mafupa a nyama, njere za zipatso, mabotolo a mankhwala ndi mazira a njoka za m'mimba. Izi zikaikidwa pambali pa zikalata, monga milandu pafupifupi 200,000 ya kukhoti la Old Bailey kuyambira 1674 mpaka 1913, m'mene mumatchulidwa katundu wobedwa mmodzimmodzi, m'pamene chithunzi chimayamba kuoneka bwino.

Ndinamva kuti makina a radiocarbon amatchula zaka za chinthu chilichonse chakale. N'zoona?

Ayi, ndipo pa zinthu za m'ma 1700 njirayi ndi yofooka kwambiri.

Imagwira ntchito chonchi: chamoyo chilichonse chimalowetsa m'thupi mwake kaboni wa mtundu wa carbon-14 pang'onopang'ono. Chikafa, kaboniyo amayamba kuchepa, ndipo pakatha zaka 5,730 amatsala theka. Willard Libby ndiye anatulukira njirayi kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1960. Imathandiza pa mtengo, fupa, chikopa, nsalu ndi makala, mpaka zaka pafupifupi 50,000 m'mbuyo. Pa mwala, galasi kapena chitsulo chokha sinena kanthu.

Vuto ndi lakuti kaboni ameneyu sanali wochuluka mofanana mumpweya chaka ndi chaka. Pakati pa 1650 ndi 1950 ankakwera ndi kutsika, choyamba chifukwa cha kusintha kwa mphamvu ya dzuwa, kenako chifukwa cha utsi wa malasha. Choncho zotsatira zimodzi zimatha kuloza nyengo zitatu kapena zinayi zosiyana m'zaka 300 zimenezo, makina osakuuzani kuti yeniyeni ndi iti.

Pali mbali imodzi imene njirayi imachita bwino. Mabomba a nyukiliya amene ankayesedwa mumlengalenga m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anachulukitsa carbon-14 pafupifupi kawiri kumpoto kwa dziko lapansi. Nsalu kapena mafuta ochokera ku mbewu yolimidwa pambuyo pa 1955 amakhala ndi chizindikiro chimenechi. Wina akabwera ndi chithunzi n'kumati ndi cha mu 1760, koma nsalu yake ili ndi kaboni wa mabomba, nkhani imathera pomwepo.

Nanga zaka amazidziwa bwanji?

Amasonkhanitsa umboni waung'onoung'ono wambiri, ndipo lamulo lalikulu ndi limodzi: mulu wa dothi sungakhale wakale kuposa chinthu chatsopano kwambiri chimene chili m'katimo. Ndalama ya mu 1772 ikapezeka pansi pa maziko, nyumbayo inamangidwa mu 1772 kapena pambuyo pake, mwina patapita zaka zambiri, chifukwa ndalama imayenda m'manja nthawi yaitali.

Mapale a mbale amathandiza kwambiri chifukwa mafashoni ake ankasintha msanga ndipo mafakitale ankasunga mabuku. Fakitale ya Meissen ku Germany, yoyamba ku Ulaya kupanga mbale zolimba zonga za ku China, inatsegulidwa mu 1710. Mbale zoyererako za Josiah Wedgwood zinafala m'ma 1760, ndipo patangopita zaka zochepa zinali zitafika m'madoko akutali. Phale limodzi lotere limadula zaka 60 pa mafunso anu.

Kaliwo wadongo ndi mnzake wa wofukula aliyense. Anali wotchipa, wosachedwa kuthyoka, ndipo anthu ankangomutaya. Mu 1954, J. C. Harrington anaona kuti kabowo ka m'kati mwa mpini wa akaliwo a ku England kankacheperachepera kuchokera m'ma 1600 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Mpini umodzi sunena zambiri, koma mukayeza mazanamazana ochokera pamalo amodzi, mumapeza nthawi imene anthu ankakhalapo.

Mtengo umalemba zaka zake wokha. Kumadera kumene kuli nyengo yozizira ndi yotentha, chaka chilichonse umawonjezera mzere umodzi, wotambalala m'chaka chabwino, wopyapyala m'chaka chovuta. Akayerekeza mizere ya thabwa ndi ya mitengo ina ya dera lomwelo, amadziwa chaka cha mzere womaliza. Vayolini yotchuka ya Antonio Stradivari ya mu 1716, imene ili ku Ashmolean Museum ku Oxford, ena anaikayikira kuti inapangidwa mochedwa. Atawerenga mizere ya thabwa lake lapamwamba, womaliza unagwera m'ma 1680. Izi sizikutsimikiza dzina la mmisiri, koma zikusonyeza kuti mtengowo unalipo pa nthawi yoyenera.

Pepala la nthawi imeneyo linkapangidwa ndi nsanza, pamanja. Mukaliyang'ana moloza kuwala mumaona mizere ya waya wa chikombole ndi chizindikiro cha wopanga. Pepala losalala lopanda mizereyo anayamba kulipanga James Whatman ku England m'ma 1750. Lopangidwa ndi mitengo linafala m'ma 1800 mkatikati, ndipo ndilo limafiira ndi kuthetheka msanga, moti buku la mu 1750 nthawi zambiri limakhala lolimba kuposa la mu 1890.

Utoto ungaulule chiyani?

Zambiri, chifukwa mitundu ina ili ndi chaka chake chobadwa. Utoto wabuluu wotchedwa Prussian blue unatulukiridwa mwangozi ku Berlin cha mu 1706, ndipo pofika m'ma 1720 unali utafalikira Ulaya yense chifukwa unali wotchipa kuposa ultramarine, amene ankapera kuchokera ku mwala wa ku Afghanistan. Wobiriwira wa Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden unabwera mu 1775. Unali ndi mkuwa ndi poizoni wa arsenic, ndipo pambuyo pake iwo ndi utoto wina wofanana nawo unalowa m'mapepala omata m'zipupa, m'nsalu ndi m'zikuto za mabuku. Chitsulo cha chromium anachitulukira mu 1797, choncho wachikasu wopangidwa nacho ndi wa m'ma 1800. Woyera wa titanium unayamba kugulitsidwa cha m'ma 1920. Woyera wa m'ma 1700 unali wa mtovu, ndipo mtovu womwewo unkalowa m'zodzola za kumaso.

Wosamalira zithunzi amatenga kachidutswa kochepa kuposa mutu wa singano, n'kukaumitsa mu pulasitiki, n'kukadula chopingasa. Pa maikulosikopu amaona utoto uliwonse pamwamba pa unzake, kuyambira woyambirira mpaka wa wokonza wa posachedwapa. Njira yomweyo amaigwiritsa ntchito pa zitseko ndi zipupa za nyumba zakale, ndipo yasonyeza kuti zipinda zambiri za nthawiyo zinali zowala kuposa mmene ankaganizira anthu amene ankangoona utoto wosuluka ndi wakuda ndi utsi.

Kodi kupima sikuwononga chinthucho?

Njira zambiri za masiku ano sizidula kanthu. X-ray imaonetsa misomali ndi zojambula zobisika pansi. Makina a XRF amawalitsa pamalo amodzi n'kutchula zitsulo zimene zilipo, monga mtovu, mkuwa kapena arsenic. Koma kupima DNA, radiocarbon ndi utoto wa nsalu kumafuna kachidutswa, ndipo kachidutswako sikabwerera. Ofufuza osamala amayamba afunsa ngati yankho lake lili lofunika mpaka kutaya dzino kapena ulusi.

Mafupa a munthu amanena chiyani za moyo wake?

Mano ndiwo amasunga zambiri. Chikutu cholimba cha dzino chimapangika paubwana ndipo sichisinthanso, choncho chimasunga strontium, chitsulo chochokera m'miyala ya kumene mwanayo ankamwa madzi ndi kudya. Strontium imeneyi ikasiyana ndi ya kumene anaikidwa, ndiye kuti munthuyo anachokera kwina. Kaboni wa m'mafupa amasiyanitsa wodalira tirigu ndi mpunga ndi wodalira mapira, chimanga kapena nzimbe. Timizere topingasa pa dzino timasonyeza nthawi imene mwana anadwala kapena kusowa chakudya mpaka dzino kuleka kukula. Osuta kaliwo ambiri ali ndi kabowo kozungulira pakati pa mano, pamene mpini unkakhuza tsiku ndi tsiku. Miyendo yopindika ya ana osowa vitamini D, chindoko, chifuwa chachikulu cholowa mumsana ndi chiseyeye, zonsezi zimasiya zipsera.

Komabe apa m'pofunika kudekha. Matenda opha msanga sakhala ndi nthawi yofika ku fupa. Mafupa ooneka abwinobwino akhoza kukhala a munthu amene anafa m'sabata imodzi, pamene odzaza zipsera ndi a munthu wolimba amene anapirira matendawo zaka zambiri.

Phunziro lalikulu linachokera pansi pa tchalitchi cha Christ Church ku Spitalfields, London, pamene anthu pafupifupi 1,000 oikidwa pakati pa 1729 ndi 1852 anafukulidwa m'ma 1980. Pafupifupi 400 anali ndi mayina ndi zaka zawo pa mabokosi. Akatswiri atayerekeza zaka zimene anapeza poyang'ana mafupa ndi zimene zinalembedwa, anaona kuti njira zawo zinkachepetsa kwambiri zaka za okalamba. Zimenezi zinachititsa kuti manda ena ambiri aunikidwenso, ndipo zinafooketsa maganizo akuti kale kunalibe nkhalamba. Chimene chinkatsitsa avereji ya zaka za moyo makamaka chinali imfa za ana.

Kafukufukuyu wathandiza bwanji pa mbiri ya ukapolo?

Apa m'pamene ntchitoyi imandikhudza kwambiri, chifukwa zaka za m'ma 1700 ndizo zinali pachimake pa malonda a akapolo owoloka nyanja ya Atlantic, ndipo pafupifupi zonse zolembedwa zinalembedwa ndi ogula ndi ogulitsa. Olemba mbiri asonkhanitsa maulendo a zombo oposa 35,000 m'nkhokwe ya pa intaneti ya Slave Voyages. Kuchokera pamenepo akuyerekeza kuti anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'zombo ku Africa, ndipo pafupifupi 10.7 miliyoni ndiwo anafika amoyo. Pafupifupi theka la onsewa anatengedwa m'zaka za m'ma 1700. Koma mabuku a zombo amawerenga mitu, safotokoza munthu.

Mu 1991, pokumba maziko a nyumba ya boma ku Manhattan, New York, anapeza manda a anthu a ku Africa ndi ana awo. Mafupa a anthu 419 anakaunikidwa ku Howard University motsogozedwa ndi Michael Blakey. Ana anali ochuluka zedi. Mafupa a akuluakulu, amuna ndi akazi omwe, anasonyeza kunyamula katundu wolemera mopitirira muyezo. Ena anali ndi mano osemedwa, mwambo wosonyeza kuti anakulira ku Africa, ndipo mayi wina anaikidwa ndi mikanda m'chiuno. Ambiri anakulungidwa m'nsalu zomangidwa ndi mapini, n'kugonekedwa mosamala mitu italoza kumadzulo. Anthu amene malamulo ankawayesa katundu ankaika abale awo mwaulemu, ndipo umboni wake unali pansi pa mzinda umene ambiri ankaganiza kuti ukapolo sunaukhudze kwenikweni.

Chombo cha Apwitikizi cha São José chinanyamuka pachilumba cha Mozambique mu December 1794 ndi anthu oposa 400, kupita ku Maranhão ku Brazil. Chinasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town mwezi womwewo, ndipo anthu pafupifupi 200 anamira. Opulumuka anagulitsidwa komweko. Ofufuza a Iziko Museums, mamyuziyamu a ku Cape Town, ndi anzawo a Slave Wrecks Project analengeza mu 2015 kuti achizindikira. Chimene chinawathandiza ndi mipiringidzo yachitsulo yolemeretsa chombo, imene anaipeza pansi pa nyanja, ndipo chikalata cha ku Portugal chinasonyeza kuti chombocho chinakweza mipiringidzo yotere chisananyamuke ku Lisbon. Chitsulo chokha sichikanatchula dzina la chombo, chikalata chokhanso sichikanaloza malo.

Kodi n'koyenera kufukula manda a anthu?

Funsoli n'lolemera ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi asayansi okha. Ku New York, anthu akuda a mumzindawo anakwiya ndi mmene ntchito inayambira, popanda kuwafunsa. Iwo ndiwo anakakamiza kuti kukumba kuime, kuti mafupa apite ku Howard University, ndiponso kuti mafunso a kafukufuku akhale amene iwo ankafuna mayankho ake: anthuwa anachokera kuti, ankakhala bwanji, ankakana bwanji ukapolo. Mafupawo anaikidwanso m'manda mu 2003, ndipo malowo anakhala chikumbutso cha dziko mu 2006. Maganizo anga ndi akuti manda asafukulidwe chifukwa cha chidwi chokha. Ngati chitukuko kapena madzi akuwaopseza, mbadwa za anthuwo zikhale ndi mawu kuyambira tsiku loyamba, ndipo tsiku lowabwezera m'nthaka lidziwike ntchito isanayambe.

Nyengo ya zaka 250 zapitazo angaidziwe bwanji?

Chitsanzo chabwino ndi 1783. Pa 8 June chaka chimenecho nthaka inang'ambika ku Laki ku Iceland, ndipo chiphalaphala ndi mpweya wa sulufule zinatuluka kwa miyezi isanu ndi itatu. Ziweto zambiri zinafa, njala inatsatira, ndipo munthu mmodzi pa asanu alionse a ku Iceland anamwalira. Chifunga chouma chinakuta Ulaya, ndipo Benjamin Franklin, wasayansi ndi kazembe wa ku America amene anali ku France, anachilemba n'kuganizira kuti mwina chinachokera ku phiri lophulika. Lero sulufule wa chaka chimenecho amapezeka m'madzi oundana a ku Greenland, amene amaunjikana chaka ndi chaka, ndipo makaundula a matchalitchi a ku England amasonyeza maliro ochuluka kumapeto kwa chilimwe chimenecho. Mabuku a oyendetsa zombo, amene ankalemba mphepo tsiku lililonse, nawonso asanduka nkhokwe ya akatswiri a zanyengo.

Pali zimene sayansi singathe kuyankha?

Zilipo zambiri. Buluu wochokera ku chomera cha indigo cha ku India kapena ku America ndi wochokera ku chomera cha woad cha ku Ulaya ali ndi mankhwala amodzi omwewo, moti kupima kwa nthawi zonse sikuwasiyanitsa. Strontium ingakuuzeni kuti munthu sanakulire pano, koma madera ambiri otalikirana ali ndi miyala yofanana, choncho siloza mudzi. DNA imasonyeza ubale wa magazi, osati chilankhulo chimene munthu ankayankhula kapena mtundu umene ankadzitcha. Komanso nthaka imasankha: dongo, galasi ndi mwala zimakhalitsa, pamene madengu, mphasa, zikopa ndi matabwa zimawola. Anthu amene chuma chawo chinali cha zowola amaoneka osauka kuposa mmene analili. Lipoti labwino limati "n'kutheka kwambiri" kapena "osati chaka chakuti chisanafike". Mukaona lonena motsimikiza pa umboni umodzi wokha, likayikireni.

Ndili ndi chinthu chimene ndikuganiza kuti n'chakale kwambiri. Nditani?

Musachitsuke, musachipukute kuti chiwale, ndipo musachimate ndi guluu kapena selotepi. Dzimbiri, zotsalira za m'kati mwa botolo ndi utoto wosuluka ndiwo umboni umene wofufuza amafuna. Chisungeni pouma, pamthunzi, posatentha kwambiri. Zikalata zakale zambiri zinalembedwa ndi inki yachitsulo imene imadya pepala pang'onopang'ono, ndipo chinyezi chimafulumizitsa kudyako, choncho zigonekeni zotambasula, osazipindapinda. Buku kapena nsalu yakale yobiriwira mowala ikhoza kukhala ndi arsenic. Mukaigwira sambani m'manja, ndipo ana asaiseweretse.

Lembani papepala lapadera zonse zimene mukudziwa: chinachokera kwa yani, chinapezeka pati, chinali pamodzi ndi chiyani. Ngati mwachiona m'nthaka kapena m'madzi, chisiyeni pomwepo, chijambuleni, n'kudziwitsa myuziyamu kapena ofesi yoona za zinthu zakale, popeza mayiko ambiri ali ndi malamulo oletsa kuchotsa zinthu zotere. Thabwa kapena chikopa chimene chakhala m'madzi zaka mazana chimakhwinyata ndi kung'aluka chikangouma, choncho ngati chatuluka kale, chisungeni chonyowa mpaka katswiri atachiona.